Ndimangowaona M'njira

GULU: KUNYUMBA
Asisi, Alamu, Machesi

Lachitatu

16:05 Machesi: ayankha aja a mafiriji a m'masitolo akuluakulu. ati "we regret"

16:05 Machesi: regret yake iti munthu sanandione nkomwe

16:06 Machesi: akuti ndilibe certificate. firiji ikafa imafunsa certificate? mafiriji onse a mu line muno wakonza ndani?

16:21 Asisi: pepa mng'ono wanga. ndili ndi mutu wa munthu m'manja, salon yadzaza. tikamba

16:23 Alamu: injiniya wathu musalire. ma email anuwo imawerenga ndi kompyuta, ilibe maso

16:24 Alamu: mawa m'mawa mubwere pa masipeya. ndakhala ndikukuuzani

16:24 Machesi: kudzatani

16:28 Alamu: 🎤 Tamverani alamu. Pa shopu ya masipeya paja ndimawanyamulira katundu ndi pikapu, panja pali benchi. M'mawa uliwonse amisiri a mafiriji amakhala pamenepo, ena kudikira gasi, ena kungocheza. Mabwana okhala ndi makontirakiti amabwera okha kudzagula makompulesa ndi mapaipi, satuma munthu. Akamatuluka amangoloza, iwe ndi iwe, tiyeni. Ntchito yanuyi imagawidwa pabenchi imeneyo, mu foni mulibe. Ndiye mawa kukubwera a Chipewa, aja amamanga ma cold room, zipinda zozizira zosungira nyama. Lolemba akupita kutali kukamanga, ntchito ya miyezi, ndipo akusowa munthu mmodzi. Mmodzi yekha alamu.

16:30 Machesi: nde ndikakhale pabenchi ngati tomato anthu azindisankha

16:30 Alamu: kkkk bola tomato amaonekako. inu mwatha chaka muli m'chipinda ndi foni

16:33 Machesi: zimenezo nde zimandinyansa. ntchito kupatsana podziwana. nanga amene alibe mlamu wa pikapu afe ndi njala? aike advert, ayese aliyense, wodziwa atenge. basi

16:34 Alamu: ndani wanena zopatsana? ndati mubwere akuoneni

16:41 Machesi: ndibwera. koma pls alamu, zija za injiniya! injiniya! msewu wonse kumva ayi. musakandinenere kalikonse. ndikufuna ndikalowe ndekha ndi manja angawa

16:41 Alamu: pakamwa ndakhoma loko 🤐

16:52 Asisi: loko wake uti, munthu umapereka moni ndi kwa agalu omwe

16:52 Alamu: madamu agaluwo ndi amene amandiuza njira zachidule

16:53 Asisi: iwe Machesi uvale ovolosi yochapa ija. ndipo upseretu mtima kuno kunyumba, kumeneko ukafike utazima

MACHESI NDI ASISI

Lachinayi

07:48 Machesi: ndafika. ndaima tsidya lino la msewu pa shopu ya matayala

07:48 Machesi: benchi yadzaza. amuna okhaokha, onse odziwana, kapu ya tiyi ikungoyenda m'manja

07:49 Machesi: ndikunamizira kuyankha foni

07:50 Asisi: woloka

07:51 Machesi: sindingathe. pa email ndimalemba ngati mwini dziko, pano ndikungowerenga matayala

07:51 Asisi: woloka iwe

08:09 Machesi: ndakhala kumapeto, thako limodzi lili m'malere. wina wandifunsa ngati andituma abwana anga kudzagula relay ya firiji

08:09 Machesi: ndamuuza kt abwanawo ndine. aseka koma asunthako

08:10 Asisi: waona

08:18 Machesi: amene ndayandikana nayeyu amamutcha Nsungwi, wamtali wowonda. certificate ali nayo, mkazi ndi mwana ali nawo, ntchito alibe. akuti wakhala pabenchi pano kuyambira mvula yatha ija, amangopeza maganyu ogwira makwerero. alibe womunenera

08:18 Machesi: mwaona zomwe ndimanena

08:19 Asisi: ndaona. iwe khala phee

08:31 Machesi: asisi amuna anuwa afika

08:31 Machesi: hutala kuyambira pakona. atsika akuvina, malaya ong'ambika kukhwapa aja. wina wawavula kapusi akuponyerana, iwo akuthamangitsa uku akuseka

08:32 Machesi: kuno amawatcha Wailesi. mumadziwa?

08:33 Asisi: ndimadziwa. amawakonda

08:33 Machesi: amawaseka asisi. nzosiyana

08:35 Machesi: sanandiyankhule. angonditsinzinira diso. ndayang'ana kumbali

08:50 Machesi: a Chipewa afika. alowa mu shopu

09:32 Asisi: zili bwanj

10:15 Asisi: Machesi

10:40 📞 Asisi aimba, sinayankhidwe

11:04 Machesi: ndili kunyumba. zakanika

11:04 Asisi: zatani

11:06 Machesi: zomwe ndinanena dzulo. malo anasungira wachibale wa munthu. dziko lake ndi limeneli, ukhale ndi manja usakhale nawo palibe kanthu

11:07 Asisi: wachibale wa ndani

11:07 Machesi: zilibe ntchito

11:08 Asisi: ndakufunsa wachibale wa ndani

11:15 Asisi: ndaimbira alamu ako sakuyankha. munthu amene amayankha foni ali m'bafa. chachitika nchiyani kumeneko

11:29 Machesi: 🎤 Asisi... chabwino. A Chipewa atatuluka mu shopu anaima patsogolo panga nkuyang'ana manja angawa. Ati zipserazi ndi za moto wowotcherera? Ndati eya. Anandifunsa za firiji yozizira m'mwamba mokha, za kompulesa yongolira osanyamuka, ndinayankha zonse, iwo akugwedeza mutu. Kenako ati, ndiye ndinu mlamu wake wa Wailesi uja eti, ndakusungirani malo. Benchi yonse inatembenuka. Wina anali atayamba kale kuseka, ati Wailesi ali ndi kawailesi kake. Nsungwi akundiyang'ana, munthu ndangomuuza kumene kuti inenso ndilibe wondinenera. Ndiye ine... ndinati ayi. Ndinati bambo amenewo ndimangowaona m'njira.

11:30 Machesi: alamu anali kumbuyo kwangaku, silinda ya gasi ili paphewa

11:31 Machesi: a Chipewa anawafunsa, Wailesi, mlamu wako uja si ameneyu? iwo ati ayi bwana, uyu sindimudziwa. mlamu wanga sanabwere, wadzuka ndi mutu

11:31 Machesi: akumwetulira asisi. ananena akumwetulira

11:32 Machesi: kenako anakatsitsa silinda mu galimoto ya a Chipewa nkubwerera kukatenga ina

11:44 Machesi: asisi

11:58 Machesi: nenani kanthu

12:10 Asisi: ndasiya kasitomala mutu uli theka. ndili kuseri kwa salon

12:11 Machesi: koma nawonso analonjeza kt sanena kanthu. ndinawauza dzulo inu mukuona

12:11 Asisi: lero anena?

12:12 Machesi: lero ayi koma a Chipewa anadziwa bwanji za ine

12:19 Asisi: 🎤 Ukukumbukira firiji ya zakumwa ija unakonza pakhonde mwezi watha, ya chitseko cha galasi? Anakuuza kuti ndi ya mnzawo. Ndi ya mu shopu ya masipeya momwemo, ya mayi amene amagulitsa pa kauntala. Inali itatayidwa kuseri. Alamu ako anaipempha, kuikweza okha, kubwera nayo kuno, iwe kuikonza, iwo kuibweza. A Chipewa anaiona ikuzizira, anaisuntha kuyang'ana kumbuyo mmene unawotcherera paipi, nkufunsa kuti wagwira apa ndani. Ndi pamene alamu ako anatsegula pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo masilinda a bambo amenewo amawakwezera ndi iwowo, si ntchito yawo nkomwe, kungoti nkhani yako isazizire. Msana umene amadandaula madzulo uja ndi umenewo.

12:22 Machesi: nde bwanji sanandiuze

12:22 Asisi: akanakuuza ukanapita?

12:25 Machesi: ayi

12:26 Machesi: koma asisi mfundo yanga ilipobe. Nsungwi wakhala pabenchi paja nthawi yonseyi. ine ndingofika tsiku limodzi nkutenga malo chifukwa cha mlamu? nchilungamo chimenecho?

12:28 Asisi: kaya. mwina si chilungamo. zimenezo ukakambe ndi dziko

12:28 Asisi: ine ndikunena za mwamuna wanga

12:30 Asisi: ukanatha kunena kt eya ndi alamu anga koma malowo mupatseni uyu. chilungamo chako chikanakhala chimenecho. iwe sunakane malo, wakana munthu

12:31 Asisi: ndiuze zoona. ndi chilungamo kapena ndi malaya ong'ambika aja

12:47 Asisi: ndadziwa

12:48 Asisi: data yako ikatha umaonera mavidiyo a mafiriji pa foni ya ndani? geji ya gasi uli nayoyo anakubweretsera ndani? munthu wa m'njira?

12:49 Machesi: basi asisi pls

12:49 Asisi: ndikubwerera kwa kasitomala

MACHESI NDI ALAMU

14:02 Machesi: alamu

14:03 Machesi: ndalakwitsa. sindinaganize, zinangotuluka

14:03 ✓✓ awerenga

15:20 Machesi: asisi andiuza za firiji ija

15:20 Machesi: sindimadziwa

15:41 ✓✓ awerenga

MACHESI NDI ASISI

17:50 Machesi: pikapu yaima panja kalekale. sakutsika

17:52 Asisi: ndaiona. asiye

18:14 Asisi: tuluka m'chipindamo udzadye

18:14 Machesi: sindili ndi njala

18:15 Asisi: bodza. ndakumva ukutafuna mabisiketi a mwana

18:16 Machesi: ali pa sitting room?

18:16 Asisi: nanga akhale kuti, nyumba ndi yawo

18:18 Machesi: akuti chani

18:20 Asisi: palibe. asamba, akhala, akudya. mwana wawafunsa kt adadi lero mabatire atha? iwo angomusisita mutu

18:21 Asisi: chikwatiwire sindinamvepo supuni ikugunda mbale m'nyumba muno. lero ndikuimva

18:24 Machesi: bola akanandikalipira

18:25 Asisi: wokalipa m'nyumba muno ndiwe. iwo sadziwa

18:33 Asisi: afunsa ngati takusungira chakudya

18:34 Machesi: 😭

18:34 Asisi: misozi ya pa foni siinyowetsa munthu. mbale ili pa stove

Lachisanu

07:20 Machesi: apita?

07:21 Asisi: kalekale. tuluka usese pakhonde, mawaya ako ali mbwee

09:46 Machesi: ndakonza zinthu. nambala ya a Chipewa ndinaiona pachitseko cha galimoto yawo. ndawalembera message yaulemu, ndafotokoza kt panali kusamvana pang'ono, mlamu wa a Wailesi ndine

09:47 Machesi: ndaikamonso zithunzi za ntchito zanga

10:05 Asisi: kusamvana pang'ono

10:06 Machesi: nanga ndikanalemba chani

10:06 Asisi: ayankha?

10:07 Machesi: sanatsegule

12:30 Machesi: sanatsegulebe

12:44 Asisi: bambo wa zaka zimenezo ali pamwamba pa makwerero aziwerenga ndime zako? foni yawo mwina ili m'thumba la jekete m'galimoto

12:45 Machesi: alamu nawo ndawalembera kanayi. amangowerenga

12:51 Asisi: iwe ndiwe wodabwitsa. ntchito ukufuna pa foni, kupepesa pa foni, kulira pa foni. chinthu chimodzi chokha chimene wachita pamaso pa anthu chaka chino ndi kukana mlamu wako

12:52 Machesi: zapweteka zimenezo

12:52 Asisi: zimayenera

13:10 Machesi: ndikabwerera pabenchi paja andiseka mpaka ndife. aja anati kawailesi aja

13:12 Asisi: eya akuseka. alamu ako amasekedwa m'mawa uliwonse, amabwera ndi buledi madzulo

13:13 Machesi: ndikanene chani

13:15 Asisi: pakamwa pako sipanasowepo mawu chibadwire. uli mwana unakalipira nesi pa sikelo

13:16 Machesi: kukalipa nkosavuta

13:16 Asisi: ndikudziwa

GULU: KUNYUMBA

16:48 Alamu: madamu ndichedwa pang'ono, tayala laphwa

16:49 Asisi: chabwino bambo. samalani msanawo pokweza jeke

16:50 Machesi: muli pati alamu ndibwere ndi sipanala yaikulu ija

16:58 Alamu: zatheka madamu, anyamata a matayala andithandiza

MACHESI NDI ASISI

16:59 Machesi: mwaona? ayankha inu

17:00 Asisi: nanga iwe amakudziwa?

17:22 Machesi: a Chipewa amabwera Loweruka?

17:25 Asisi: ndinamva alamu ako akuti mawa akudzatenga katundu womaliza wa ulendo. usanene kt ndakuuza ndine

Loweruka

07:31 Machesi: ndili pa matayala paja

07:32 Asisi: usayambenso

07:32 Machesi: wa matayala wandizindikira. ati achemwali mwabweranso kudzayankha foni?

07:33 Asisi: kkkkk ngakhale iyeyo

07:34 Machesi: ndikuwoloka. foni ndikuika m'thumba. mukaimba sindiyankha

07:34 Asisi: sindiimba

08:40 Asisi: sindikuimba, ndikungofunsa

09:25 Asisi: iwe

09:51 Machesi: ndatha. ndili kuseri kwa shopu pa makatoni

09:51 Asisi: kamba

09:58 Machesi: 🎤 Ndinadikira mpaka onse akhalepo. Alamu anali pamwamba pa pikapu akumanga mapaipi ndi chingwe, a Chipewa ali pansi akuloza. Ndinaimirira. Ndati pepani nonse, ndili ndi mawu. Lachinayi ndinanama pano. Awo ali pamwambawo ndi alamu anga, amuna a asisi anga. Ndimagona m'nyumba mwawo, ndimadya chakudya chawo, zitsulo ndili nazozi zambiri anandipezera ndi iwo. Sindinadwale mutu. Ndinachita nawo manyazi chifukwa mumawaseka, ndiye ndinawakana. Basi. Ndinanena zimenezo asisi, kenako sindinadziwe kuti manja ndiwaike pati.

09:59 Asisi: iwo anati chani

10:00 Machesi: uja wa kawailesi ati aaa ife timadziwa kale, mwana wamkazi wa ovolosi angachokere kuti wina. nde anaseka onse

10:00 Machesi: anandiseka bwinobwino asisi. wina mpaka kutsamwa tiyi

10:01 Asisi: ndikufunsa alamu ako

10:02 Machesi: sanatembenuke. anapitiriza kumanga chingwe. mfundo imodzi anaimanga nkumasula, kumanganso nkumasula

10:03 Asisi: mmm

10:03 Asisi: nanga a Chipewa

10:09 Machesi: 🎤 Anandiitanira pambali pa galimoto yawo. Ati mwana wanga, ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndiwe, zipsera za m'manja mwako ndi kawotcheredwe ka pa firiji ija ndi za munthu mmodzi. Ndinadikira kuti ubweze mawu, sunabweze. Ndati ndinakulemberani message. Ati ine mameseji amandiwerengera mdzukulu Lamulungu. Kenako ati, ukudziwa kuti cold room tikamaimanga chitseko chimakhala chisanaikidwe chotsegulira cha mkati? Wina akalowa kukagwira ntchito, mnzake amaima pakhomo. Ine ndikakhala mkatimo ndimafuna pakhomo pakhale munthu woti akafunsidwa anena kuti muli munthu umu, ndikumudziwa. Manja uli nawo, ati, koma malo ndinapereka dzulo.

10:10 Asisi: kwa ndani

10:10 Machesi: Nsungwi

10:12 Asisi: ayi ndithu

10:14 Machesi: ndinatsala pang'ono kuwafunsa kt nde munandiitaniranji pambali. ndinaluma lilime

10:15 Machesi: Nsungwi ali pompano kuseri kuno, sakundiona. akuimbira mkazi wake. akungobwereza kt Lolemba, Lolemba, uchape jekete ija

10:17 Machesi: sabata yonse ndakhala ndikukuwa kt apatsidwe wopanda womunenera. wapatsidwa. nde bwanji zikuwawa chonchi

10:19 Asisi: chifukwa unkaifuna

10:19 Asisi: palibe cholakwika kuifuna

10:23 Machesi: ndipo a Chipewa akuti sanamutenge chifukwa cha chisoni. akuti akhala akumuona m'mawa uliwonse, mvula dzuwa, amafika woyamba nkupukuta benchi. ine ndimati alibe womunenera

10:24 Machesi: ndikamupatse moni wa mafuno abwino kapena ziwoneka zachinyengo

10:25 Asisi: pita. pakamwa, osati pa foni

10:41 Machesi: ndapita. wandigwira dzanja ndi manja awiri. ati makasitomala ake awiri a ma freezer a butchery asowa wowaonera iye akachoka, andisiyira

10:42 Machesi: mayi a pa kauntala nawo andiitana. ati firiji yako ikuzizirabe, Lolemba ubwerenso ukhale pabenchi anthu azolowere nkhope, koma ubwere ndi kapu yako

10:43 Asisi: nde ubwerera

10:45 Machesi: kaya. ndikalowa aziti kawailesi kafika

10:45 Asisi: dzina limenelo nde lakhala basi. bola kuposa Machesi

10:46 Machesi: alamu anyamuka osandiyang'ana. hutala sanaimbe

10:48 Asisi: apatse nthawi. munthu wosakwiyakwiya akakhumudwa sadziwa pobwerera

10:49 Machesi: ntchito ndataya, mlamu ndataya. sabata imodzi

10:50 Asisi: bwera ku salon undigwirire mesh, manja asakhale chabe. ndipo drier ija ikumachita fungo la waya wopsa

10:50 Machesi: ndikubwera

MACHESI NDI ALAMU

Lamulungu

13:05 Machesi: alamu sindikupepesanso pa foni, asisi andiletsa. ndikungofunsa ngati mwamwa mankhwala a msana. ndawaika pa windo la kukhitchini

13:40 ✓✓ awerenga

16:12 Alamu: pikapu imanyamuka 6:30

16:12 Machesi: alamu!!

16:14 Alamu: anthu amene ndimangowaona m'njira akafuna lift amaima pa geti nkukweza dzanja

16:14 Machesi: ndikweza. manja onse awiri

16:15 Machesi: ndikhala kutsogolo, aliyense aone. muimbe hutala kuyambira pakona

16:21 Alamu: mukhala kumbuyo ndi masilinda. kutsogolo nkwa achibale

16:23 Machesi: ndamva alamu

16:23 ✓✓ awerenga

17:02 Alamu: mutenge juzi. kumbuyoko kumazizira